Bambo Ankagogoda Katatu

Mayi anga, a Ludmila, tinawaika m'manda mwezi wathawu. Pokonza m'chipinda chawo ndinapeza kabokosi kachitsulo, m'kati muli makalata omangidwa ndi chingwe cha nsapato. Ena ndi ochokera kwa mlongo wawo wamng'ono, amalume anga a Imro, amene ankachita zisudzo ndi mafilimu. Ena analemba Mayi eni ake, ndipo anabwezedwa kwathu amalumewo atamwalira. Dziko linkawadziwa amalume ndi dzina loti Emory Dane, koma kwathu ku Tolley Run, katauni ka migodi ya malasha ku Pennsylvania, dzinali silinkatchulidwa m'nyumba. Za m'makalatawa zikuyamba n'kuti ine, Terka, ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Makalatawa ndawakopera momwe alili.

New York, 9 Malichi 1953

Achemwali anga a Ludka,

Moni nonse kumeneko. Muli bwanji inu, alamu anga a Ondrej ndi kamtsikana kanu Terka? Nanga chifuwa cha Bambo chikuti bwanji ndi kuzizira kumeneku? Papita miyezi inayi osamva za inu. Kapena inki inauma m'Pennsylvania monse?

Ine ndili ndi nkhani yabwino. Patatha zaka khumi ndi chimodzi ndikunyamula thireyi pa siteji n'kumati "Chakudya chapsa, bwana," tsopano andipatsa gawo lenileni. Seweroli ndi latsopano, dzina lake "Chipinda cha Pansi." Ine ndikhala Anton, nkhalamba yosonkhezera moto m'ng'anjo yotenthetsa nyumba yansanjika, munthu wochokera kutsidya kwa nyanja ngati Bambo. Zaka zanga ndi makumi atatu ndi zitatu zokha, koma akandipaka imvi ndi makwinya, ngakhale inu mukhoza kundipatsa mpando m'basi.

Pempho langa ndi ili. Mayi wotisokera zovala wandipatsa jasi latsopano, walikwecha ndi njerwa, walithira tiyi kuti lioneke lakale. Jasilo ndi labodza, ndikalivala mapewa anga amakana. Kodi jasi lija Bambo ankavala popita kumgodi, lakuda lija la chigamba pachigongono, likadalipo? Ngati salivalanso, nditumizireni. Munthu sungayende ngati wogwira ntchito utavala nsalu yosadziwa thukuta.

Makalata muzitumizabe kwa Mayi Ostrander, eni nyumba imene ndikukhala. Koma chonde, pa envelopu muzilemba Emory Dane. Ndi dzina limene ndinalembetsa ku bungwe la ochita zisudzo, ndipo kuntchito amadziwa lokhalo.

Mlongo wanu,
Imro

Tolley Run, 22 Malichi 1953

Imrich,

Tilipo, poti wafunsa. Inki sinaume. Zauma ndi zala zangazi. Ndimasoka makolala a malaya kufakitale kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndikafika kunyumba n'kuyamba kutsuka mbale imene Bambo amalavuliramo. Zimene amalavulazo n'zakuda ngati zimene ankakumba.

Ndiye ukufuna jasi. Sunafunse ngati ungabwere kudzaona mwini wake, wafunsa jasi. Tsiku loika Mayi unafika pa sitima ya m'mawa n'kubwerera pa ya masana, dothi la kumanda lisanaume kunsapato zako, ati sewero silidikira munthu. Alendo ankadya pirohi, tizitumbuwa takwathu tija, pa maliro a mayi ako iwe uli pa sitima. Ine sindinaiwale.

Zikanakhala kwa ine, jasilo ndikanaliponya m'ng'anjo. Koma ndinalakwa kuwerenga kalata yako mokweza. Bambo ananyamuka, anakalichotsa okha pa msomali kuseri kwa chitseko, analikutumula, n'kuliika pamiyendo panga. Ndalitumiza dzulo. Sindinalichape, paja ukufuna thukuta.

Za dzinazo usanditopetse nazo. Ine ndinalera mwana dzina lake Imrich Dudash. Emory Dane sindimudziwa, sindinamusinthepo thewera. Ngati Mayi Ostrander amatha kuwerenga, akupatsa kalatayi.

Ludmila

Hollywood, 14 Seputembala 1953

Achemwali,

Moni kuchokera kudziko limene dzuwa silipita kutchuthi. Muli bwanji? Ndinakulemberani kawiri m'mwezi wa Meyi, ndinaikamo ndi zimene a nyuzipepala analemba za ine, koma kunali zii. Bambo munawawerengera?

Seweroli linayenda bwino ku New York moti a kampani ina ya mafilimu aligula, ndipo mwa tonse amene tinali pa siteji atenga ine ndekha. Jasi ndabwera nalo. Kuno ankafuna kulichapa, ndinachita kulikumbatira ngati mwana. M'thumba lam'kati ndinapezamo kachitsulo kaja ka nambala 417 kamene Bambo ankakoloweka pa bolodi polowa pansi. Kamakhala momwemo nthawi zonse ndikamasewera.

Aphunzitsi athu a zisudzo ankati, "Usapeke munthu, kamupeze komwe ali." Anton ndinamufuna milungu itatu osamupeza. Tsiku limene ndinavala jasi anangobwera yekha. Ndabwerekako kanthu kenanso kakang'ono kwa Bambo. Mudzakaona, ndipo ndikhulupirira mudzamvetsa. Kumapeto kwa seweroli Anton amaimirira pamsonkhano wa anthu a m'nyumba ija n'kulankhula mphindi zinayi zathunthu, yekha. Achemwali, mukanamva bata limene limagwa m'holo! Anthu chikwi, osatsokomola ndi mmodzi yemwe.

Filimu ndi ntchito ina. Timayamba kujambula mapeto, mawa lake chiyambi. Umanena mawu atatu, wina n'kukuwa kuti basi, n'kukakhala pa mpando maola awiri. Zidutswazo amakazilumikiza anthu ena m'chipinda china, ndi sizasi, anthu amene sindinawaonepo nkhope.

Akuti ituluka chaka chamawa. Ikafika ku holo ya a Feeney mudzawatengere Bambo. Mundiuze za chifuwa chawo.

Wanu,
Imro

Tolley Run, 28 Malichi 1954

Bwana Emory Dane,

Ndakutchulani dzina lanu m'kati muno, chifukwa zimene ndinaona Loweruka lapitalo sangachite mwana wa m'nyumba ino.

A Feeney anapachika chinsalu pakhomo pa holo yawo: MWANA WA KWATHU. Tauni yonse inabwera ku kanema wa masana, mpaka ansembe. Bambo anavala suti yawo ya kutchalitchi. Anapumira katatu panjira, koma anakana kuti Ondrej awagwire mkono. Anthu ankawapatsa moni ngati meya.

Ndiye unatulukira iwe pa chinsalu, utavala jasi lawo. Mwini nyumba akufunsa chifukwa chimene moto wazimira. Iwe kutsegula pakamwa, liwu osatuluka. Kutsinzina diso lakumanzere. Kenako nkhonya pa tebulo, go, go.

Iwe Imrich! Chibwibwi cha Bambo ako! Chinthu chimene akhala nacho zaka makumi asanu ndi awiri, chimene chinawaletsa kukhala kapitawo, chimene chinawaletsa kulankhula pa ukwati wanga womwe. Ndi kameneko kanthu kakang'ono kamene unabwereka?

Poyamba munali bata. Kenako Janko Zelenak, chidakwa chija, anakuwa kumbuyo: "Aaa, ameneyo ndi Matej! Gogoda, Matej, gogoda, mwina atsegula!" Holo yonse inaphulika. Ukagogoda pa chinsalu, iwo ankagogoda pa mipando. Mkazi wa Janko misozi ili mbwee ndi kuseka, akuti, "Mayo ine, mpaka diso lomwe! Mwanayu ndi mfiti!" Ndinawerenga, unagogoda kasanu ndi kawiri, ndipo nthawi iliyonse kunkalira kalipenga koseketsa. Mphindi zako zinayi za bata sindinazione. Ndinaona nkhalamba ikugwa ndi ndowa ya phulusa pa masitepe.

Ndinawagwira Bambo dzanja kuti tizipita. Anakana. Anakhala mpaka mapeto, chipewa chili pa bondo, maso ali pa iwe.

Tsopano ku kalabu kumene ankasewera makhadi, munthu akangochedwa kuponya, anzake amagogoda pa tebulo. Chiyambire tsikulo Bambo satuluka m'nyumba.

Usabwere kuno. Usawalembere. Unapempha jasi, ife osadziwa kuti ukufuna ndi khungu lomwe.

Ludmila

New York, 3 Epulo 1954

Achemwali,

Kalata yanu ndaiwerenga nditaimirira, ndipo sindinakhalebe pansi. Bambo ali bwanji? Akudya?

Filimuyo inenso ndinaiona koyamba pamodzi ndi anthu, mwezi wathawu. Mphindi zinayi zija tinajambula, ndikulumbira pa manda a Mayi. Tinajambula masiku awiri, mpaka wogwira magetsi anapukuta maso. Anazidula. Ati filimu yatalika ndipo anthu amafuna kupumako ndi kuseka. Kalipengako anaikamo ine nditachoka kale. Ndinapita kwa wotsogolera filimuyo, anandigwira paphewa n'kuti, "Emory, mwana wanga, anthu akuseka. Ukudandaula chiyani? Ena amafa osasekedwapo." Pa siteji palibe amene anasekapo Anton, ngakhale tsiku limodzi.

Ndalakwa posawapempha Bambo. Izo ndavomera. Ndaikamo kalata yawo m'chinenero chathu, chonde muwawerengere, poti maso awo saonanso zolemba.

Koma poti mwanditcha wosenda khungu, nanenso ndinene. Ndani m'nyumba ija ankachita manyazi ndi chibwibwi cha Bambo? Kusitolo, liwu likangowakakamira, ndani ankalumphira n'kuti, "Akufuna shuga"? Ansembe akabwera, ndani ankawayankhira mafunso onse ngati iwo ndi mpando? Chiyambire muli ndi zaka khumi, Bambo sanamalizepo chiganizo inu muli pomwepo. Mumawatsuka, mumawadyetsa, inde. Koma munayamba mwawadikirapo? Ine ndinkadikira. Ndinkakhala pansi pa tebulo mpaka liwu lituluke. Ndinawaika pa siteji kuti anthu chikwi nawonso aphunzire kudikira.

Imro

Tolley Run, 11 Epulo 1954

Imrich,

Kalata ya Bambo ndakubwezera, ndi iyo, yosatsegula. Usatumizenso ina.

Ukuti unkadikira. Mphaka nayenso amadikira pa una. Unkakhala pansi pa tebulo kuloweza, kuti udzagulitse. Ine ndinkawamalizira mawu kuti a m'sitolo asawaseke. Zaka makumi atatu ndakhala ndikutseka pakamwa pa tauni ino, iwe wapatsegula ndi masana amodzi.

Ukuti anadula ndi ena. Amene anawapatsa nsalu yoti adule ndani?

Ukundiphunzitsa kusamala Bambo uli kumene kulibe mbale yolavuliramo. Adokotala anabwera Lachinayi. Akuti mapapo atsala pang'ono, mwina afika m'nyengo yozizira, mwina ayi. Ndakuuza kuti usadzati sunauzidwe. Sikuti ndikukuitana.

Amati chibale ndi fupa, sichiola. Sichiola, inde. Koma fupa limathyoka.

Ludmila

Cleveland, 20 Seputembala 1954

Achemwali,

Moni. Makalata anga anayi simunayankhe. Ndilembabe. Bambo ali bwanji? Ngakhale mzere umodzi wokha, wonditukwana, bola ndidziwe kuti alipo.

Seweroli tsopano tikuyenda nalo m'mizinda. Ndinafuna kulikana, koma ndinaganiza kuti pa siteji pokha ndi pamene Anton amamaliza mawu ake. Vuto ndi loti anthu anaona filimu. Ndikangokweza nkhonya amayamba kuseka ndisanagogode n'komwe. Ku Buffalo ndinayesa kusewera osagogoda. Anton anafa, panatsala mnyamata wopaka imvi. Woyang'anira gulu lathu anati, "Anthu alipira kudzaona kugogoda, bwana Dane. Mawa mugogode, apo ayi jasilo avala wina." Ndiye ndikugogoda, kasanu ndi katatu pa mlungu, ndipo nthawi iliyonse ndimamva mawu a Janko.

Mvetserani bwino apa. Kuyambira pa 11 Okutobala mpaka pa 20 Novembala tidzakhala ku Chicago. Dzina la holo ndi msewu wake ndalemba kuseri kwa pepalali. Zikavuta, musatumize kalata kwa Mayi Ostrander, ichedwa. Tumizani telegalamu ku holoko, kukhomo la ochita sewero. Mulembe Emory Dane. Mlonda wa pakhomo amakhala ndi mndandanda wa mayina, ndipo dzina limene palibe salandira, chifukwa anthu amatumiza zamisala zambiri. M'gulu lonseli palibe amene amadziwa za Dudash.

Pa maliro a Mayi ndinalibe wondilowera m'malo. Tsopano alipo, amakhala kuseri tsiku lililonse kupempherera kuti ndithyoke mwendo. Mukangonditumizira mawu, ndikwera sitima yoyamba. Mukadzandithamangitsa pakhomo, ndidzaima pamsewu.

Mlongo wanu,
Imro

Tolley Run, 24 Okutobala 1954

Imrich,

Bambo anamwalira Lachiwiri, pa 19, dzuwa likupendeka. Tinawaika dzulo.

Telegalamu ndinatumiza tsiku lomwelo, ku holo yako ya ku Chicago. Ansembe ankafuna tiike Lachisanu. Ondrej anawapempha kuti tidikire mpaka Loweruka, ati mwana wamwamuna ali m'njira. Anapita kusiteshoni Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, kukaima ndi chipewa m'manja ngati wopemphetsa. Sitima iliyonse inkatsitsa anthu a eni.

Bokosi linanyamulidwa ndi anthu asanu ndi mmodzi. Pamalo pako pananyamula Janko Zelenak. Inde, Janko. Anabwera atameta, asanalawe kanthu, n'kuti, "Ludka, ndiloleni, ine ndi Matej tinakumba limodzi zaka makumi awiri." Ndikanatani? Chogwirira chinali chopanda munthu.

Amayi a kutchalitchi ankandifunsa, "Nanga wa mafilimu uja?" Ndinkati sewero silidikira munthu. Ankagwedeza mitu.

Unati sitima yoyamba. Unati udzaima pamsewu. Kulankhula umatha, ndi ntchito yako. Anthu anaomba m'manja Loweruka masana? Nthawi imeneyo n'kuti ife tikuponya dothi.

Kalatayi ndatumiza kwa Mayi Ostrander. Ifike pamene ifikire, palibenso chofulumirira. Jasi usunge. Ndi cholowa chako chonse.

Ludmila

Chicago, 3 Novembala 1954

Ludmila,

Kalata yanu yandipeza lero, patatha milungu iwiri Bambo atamwalira. Milungu iwiri ndakhala ndikuvala jasi la munthu wakufa, kugogoda, anthu n'kumaseka, ine osadziwa.

Ndinatsika kwa mlonda wa pakhomo, mkulu wina dzina lake Gus, ndisanachotse n'komwe imvi kumutu. Ndinati, "Gus, panabwera telegalamu yanga pa 19?"

Anati, "Yanu ayi, bwana Dane. Ine telegalamu sindigona nayo, mukundidziwa."

Ndinati, "Taonani m'buku."

Anatsegula, ananyowetsa chala, n'kuti, "Tsiku limenelo inabwera imodzi yokha, ya munthu wina Du... Dudash. Ndinayang'ana pa mndandanda, ndinafunsa ndi kwa okoka makatani. Ndinamuuza wa telegalamuyo kuti kuno kulibe Dudash, akayese kumalo ophera ng'ombe, mayina otere amapezeka kumeneko." Anaseka. Kenako anandiyang'ana nkhope n'kuti, "Bwana, mukumudziwa?"

Ndinati, "Ndinkamudziwa."

Ndinakulemberani, achemwali. Ndinakuuzani za mndandanda, ndinakuuzani za mlonda. Mawu awiri okha, Emory Dane. Dzanja lanu likanapuwala? Ndinali pamwamba pa masitepe khumi ndi awiri kuchokera pamene pepalalo linaima. Lachinayi ndikanakhala nditafika. Ndikanagwira chogwirira chimene munapatsa Janko.

Munamulola Ondrej kukaima kusiteshoni masiku atatu. Munauza amayi a kutchalitchi kuti sewero silidikira. Ndiuzeni chinthu chimodzi chokha: munaiwala, kapena munasankha?

Ine ndinawachititsa manyazi Bambo ali moyo, ndipo ndidzafa nazo. Koma sindinachite dala. Inu?

Imrich Dudash, poti ndi amene mumamufuna

Tolley Run, 6 Febuluwale 1955

Imro,

Moni. Sindikudziwa ngati uli bwino, ndipo ndilibe nkhope yofunsira. Mzinda umene uliko andiuza ndi Mayi Ostrander. Kalatayi ndaiyamba kasanu chiyambire Novembala.

Ndinasankha.

Kalata yako inali m'chikwama changa pamene ndinaima pa kauntala. Mayi wolemba matelegalamu anafunsa dzina. Ndinati m'mtima, Bambo anga agona kunyumba nsagwada zomanga, ine ndiitane Emory Dane? Amene anawapha ndi manyazi? Ndinati Dudash. Ndinadziuza kuti ngati akadali mwana wawo, imupeza.

Pali china chimene sukudziwa. Lachitatu m'mawa anandibweretsera kapepala koti telegalamu sinalandiridwe, munthuyo sakudziwika. Nthawi inalipo yotumiza ina. Ndinakapinda n'kukaika m'thumba la epuloni. Ndinati, ngati kumeneko kulibe Dudash, ndiye kuti Bambo alibe mwana kumeneko. Ondrej ndinamuona akuvala chipewa kupita kusiteshoni, sindinamuletse. Mpaka lero sakudziwa.

Sindikulemba kuti undikhululukire. Ndili ndi katundu wako amene ndakhala ndikumukhalira.

Ndinakuuza kuti filimu itatha Bambo sankatuluka m'nyumba. Ndi zimene ndinkadziwa, poti masana ndimakhala kufakitale. Pa maliro a Bambo, a Feeney anandikokera pambali. Akuti mlungu umene filimu inali kuno, Bambo anapita Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi, ku kanema wa masana, m'holo muli anthu atatu kapena anayi. Ankakhala kutsogolo kwenikweni chifukwa cha maso. A Feeney anawafunsa, "Matej, sunatope nayo?" Iwo akuti anati, "Ndikuona ntchito ya mwana."

Kutatsala masiku asanu kuti amwalire, madzulo, anandiitana kuti nditenge pensulo. Anagogoda pa thabwa la bedi n'kuti, "Lemba. M-muuze mnyamatayo kuti a-a-a..."

Ine ndinati, "Kuti anakulakwirani."

Anandiyang'ana, Imro. Sanakwiye. Anangogogodanso, pang'onopang'ono, n'kuti, "Ludka. D-dikira."

Ndinadikira. Zinatenga pafupifupi ola, ndi kutsokomola komwe. Nazi, monga momwe ananenera:

"Muuze kuti akulakwitsa. Iye akugogoda kawiri. Ine ndimagogoda katatu. Iye akugogoda liwu litakakamira kale, ngati munthu womenya bulu. Ine ndimagogoda lisanakakamire, ndimalimva likubwera. Sindigogoda kuti liwu lituluke. Liwu limatuluka lokha nthawi yake. Ndimagogoda ngati munthu pakhomo, kuti a m'katimo andidikire. Akonze zimenezo. Kayendedwe wakhoza, mapewa wakhoza. Jasi asamange batani lapamwamba, munthu wa fosholo samanga. Anthu akaseka, aseke, Janko wandiseka zaka makumi anayi. Koma ntchito ukaigwira, uziigwira bwino. Akakonza abwere adzandionetse."

Anandifunsa kawiri ngati ndatumiza. Ndinati inde.

Ndinkayembekeza kuti akutemberera, ndipo ndikanatumiza tsiku lomwelo. Koma ankalankhula ngati mmisiri kwa mmisiri mnzake, ndipo ine amene ndinawatsuka zaka zisanu ndi zitatu sanandilankhulepo motalika chotero. Unanena zoona, sindinawapatsepo mpata. Zinandiwawa moti pepalalo ndinalibisa m'buku la mapemphero. Ndi ili, ndaliikamo. Ndi lako.

Ludka

San Francisco, 19 Febuluwale 1955

Achemwali,

Kalata yafika. Mlonda wa kuno wandipatsa m'manja. Ndaona kuti pa envelopu mwalemba Emory Dane, ndaonanso kuti cholembera chinaboola pepala pa chilembo choyamba.

Masiku atatu ndinalephera kuyankha. Ndinalemba zinthu zimene ndikuthokoza kuti ndinazing'amba.

Lero pa sewero la masana ndinamasula batani lapamwamba. Mwini nyumba atafunsa za moto, sindinatsegule pakamwa. Ndinayamba ndagogoda. Kamodzi, ena anayamba kuseka monga mwa masiku onse. Kawiri, kuseka kunachepa. Kachitatu kunalibe. Mnzanga wosewera mwini nyumba anaiwala mawu ake, anangoima n'kumandiyang'ana, kudikira. Holo yonse inadikira naye. Titatuluka anandifunsa, "Emory, wasintha chiyani?" Ndinati ndalandira malangizo kuchokera kwa munthu amene anaona filimu kasanu.

Zaka ziwiri ndakhala ndikunyada kuti ndine ndekha amene ndinkawadziwa. Ndinakhala pansi pa tebulo lija ubwana wanga wonse, koma kuwerenga mpaka katatu kunandilaka.

Sindinakukhululukireni. Sindikudziwa ngati ndidzatha, ndipo inunso musadzikakamize za ine. Ondrej mumuuze, kapena ndidzamuuza ndine. Koma Bambo anati ndikakonza ndibwere ndidzawaonetse, ndipo njira ya kumanda kwawo sindikuidziwa. Sewero litha pa 12 Malichi. Ndifika Lachinayi lotsatira pa sitima ya masana. Musatume munthu kusiteshoni. Ndidzabwera ndekha pakhomo. Kutsegula kapena kusatsegula, zili kwa inu.

Imro

Makalata a m'kabokosi athera pamenepa. Pansi pake panali kachitsulo ka nambala 417.

Sindinganame kuti anagwirizana. Mpaka ukalamba wawo, akakhala pa tebulo limodzi ankakangana supu isanazizire. Koma Lachinayi limenelo ndikulikumbukira. Mayi ankakanda ufa kukhitchini pamene tinamva mapazi pakhonde. Anapukuta manja pa epuloni, anapita kukaima kuseri kwa chitseko, pafupi ndi msomali wopanda jasi uja.

Kunja kunagogodedwa kamodzi. Dzanja la Mayi linali kale pa chogwirira. Kunagogodedwa kawiri. Mayi, amene sanadikirepo munthu aliyense kuti amalize mawu, sanatsegule.

Anadikira kachitatu.